Cakudya ca Wodwala M'cipatala

Sendelani pafupi ndi wailesi, ndipo aliyense akhale ndi buku lolembamo ndi pensulo, pakuti m'phunzilo lathu la zaumoyo lelo muli masamu pang'ono.

Ambili a inu munapitako kucipatala kukazonda mbale wanu wodwala. Munaona botolo kapena thumba la pulasitiki litapacikidwa pa citsulo pambali pa bedi, madzi ali kudontha pang'onopang'ono kutsikila m'mkono wa wodwalayo. Anthu amalicha dilipi. Kapena munamvanso wacikulile wina ali kunena kuti, "Musamuvutitse ndi phala, wadya kale m'dilipi." Mau amenewa amanenedwa ndi mtima wabwino, koma ndi olakwa, ndipo masamu athu oyamba ationetsa cifukwa cake.

M'dilipi wamba kawilikawili mumakhala madzi a mcele kapena madzi a shuga. M'madzi a mcele muli magalamu 9 a mcele pa lita imodzi, ndipo cakudya mulibe ndi pang'ono pomwe. M'madzi a shuga muli magalamu 50 a shuga pa lita, ndiye kuti tizipuni ta tiyi 12 kapena kuposelapo pang'ono. Mphamvu imene cakudya cimapatsa thupi timaiyesa ndi muyeso wochedwa kalori, ndipo lita imodzi ya madzi a shugawo siipitilila makalori 200. Munthu wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 tsiku lililonse. Tsono gawani 2,000 ndi 200. Mwapeza 10. Kuti wodwala akhute ndi dilipi yotele angafunike malita 10 pa tsiku, madzi amene mtima ndi mapapo ake sizingathe kuwapilila. Ndipo ngakhale atalandila onsewo, sangapezemo kanthu komanga thupi. Dilipi ndi cinthu cabwino kwambili. Imabwezela madzi m'thupi la munthu amene wafooka ndi kolela, imalowetsa mankhwala m'magazi msanga, ndipo yapulumutsa anthu osawelengeka. Koma si nsima ai.

Mungaganize kuti munthu wogona pa bedi, wosalima, wosatunga madzi, safuna cakudya cambili. Koma thupi lodwala lili pa nchito usana ndi usiku. Lili kulimbana ndi tizilombo, lili kupanga magazi atsopano, lili kuluka mnofu potseka bala. Kutentha kwa thupi kukakwela ndi digili imodzi cifukwa ca malungo, cakudya cofunika cimaonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mwina kupitilila. Mu 2003 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti munthu wamkulu amene ali ndi HIV ndipo wayamba kudwala afunika cakudya coonjezela ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse. Vuto ndi lakuti pa nthawi yomweyo pamene thupi lifuna zambili, m'kamwa mumawawa, mselu umabwela, ndipo cilakolako ca cakudya cimathawa.

Thupi likapanda kulandila za kunja limadya za m'kati mwake, monga banja m'caka ca njala. M'nkhokwe ya thupi muli mafuta. Koma thupi lodwala silidikila kuti nkhokwe ithe. Limayamba kudyako ndi mbeu yomwe, ndiyo minofu. Tsono kumbukilani kuti mtima ndi mnofu, ndipo cimene cimakoka mpweya m'cifuwa ndi mnofunso. Munthu amene minofu yake yadyeka satsokomola mwamphamvu; makhololo amatsalila m'cifuwa, ndipo cibayo cimapeza khomo lotsegula. Bala lake limacedwa kupola. Khungu la pamsana ndi la pa zidendene limanyuka ndi kugona. Amene anabwela ndi nthenda imodzi amapezeka ali ndi zitatu.

Zimenezi zinawelengedwa kalekale. Mu 1936 dokotala wina wa ku America, Hiram Studley, anayang'ana odwala zilonda za m'mimba amene anacitidwa opaleshoni. Mwa amene anali ataonda kwambili, kufikila kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemela kwao, mmodzi mwa atatu alionse anamwalila. Mwa amene sanaonde motelo, omwalila sanakwane anai pa 100. Nthenda inali imodzimodzi. Cosiyana cinali mnofu umene wodwala anabwela nao.

Komabe phunzilolo linacedwa kulowa m'mawodi. Mu 1974 dokotala wina wa ku Alabama, Charles Butterworth, analemba nkhani imene inadzidzimutsa anzake. Anaonetsa kuti m'zipatala za ku America, dziko la mwana alilenji, odwala anali kuonda ndi njala ali m'manja mwa madokotala. Ambili sanali kuikidwa pa sikelo. Ena anali kuletsedwa kudya cifukwa ca kupimidwa kwa mawa, ndipo mawa lakelo n'kuletsedwanso cifukwa ca kupimidwa kwina. Ena anakhala masiku ambili pa dilipi yokhayokha ya shuga ndi mcele. Patapita zaka 20, mu 1994, ku Dundee m'dziko la Scotland anapima odwala 500 pa kulowa kwao m'cipatala, napeza kuti 200 anali opelewela kale cakudya m'thupi. Ndipo ambili mwa amene anapimidwanso potuluka anali ataonda kuposa mmene analowela. Ndachula maiko olemela mwadala, kuti mudziwe kuti gwelo la vutoli si umphawi wokha. Mbale ya nsima ingaikidwe pa kabati pambali pa bedi, koma wodwala alibe mphamvu ya kutema mbamu; pakapita ola limodzi wina n'kudzaicotsa yosakhudzidwa, ndipo m'buku mudzalembedwa kuti cakudya cinapelekedwa.

Kwathu kuno amene amagwa msanga ndi ana aang'ono. Boma linaliona vutoli ufulu utangobwela kumene, ndipo mu 1967 linakhazikitsa National Food and Nutrition Commission. Ngakhale kuli telo, kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbila, ndipo anai pa 100 anali oonda mopitilila muyeso. Mwa ameneŵa, ofooketsa ndiwo amafika pa bedi la m'cipatala, ndipo amaoneka mwa njila ziwili. Wina amauma. Nthiti zake mungaziwelenge, nkhope yake ili ngati ya nkhalamba, ndipo khungu la m'ncafu limalendewela ngati kabudula wobweleka kwa mkulu wake. Wina amatupa. Mapazi, miyendo ndi masaya zimafufuma, tsitsi limafiila ndi kuthothoka, khungu limasupuka, ndipo mwanayo amangokhala ndwii, safuna kusewela, safuna kudya. Woyambayo madokotala amati ali ndi marasmus, waciwiliyo kwashiorkor.

Dzina lakuti kwashiorkor ndi la mu Afrika mommuno. Dokotala wamkazi wobadwila ku Jamaica, Cicely Williams, anali kugwila nchito ku Accra, m'dziko limene lelo ticha Ghana. Mu 1933 anafotokoza nthendayi, ndipo mu 1935 anaipatsa dzina limene anamva kwa anthu a mtundu wa Ga, lotanthauza nthenda ya mwana amene wacotsedwa ku bele cifukwa mng'ono wake wabwela. Kodi si zomwezo zimene makolo athu amacha utumbidwa? Anaona bwino. Mwana amene wasiyitsidwa kuyamwa mwadzidzidzi, n'kumangopatsidwa phala lamadzimadzi la ufa woyela, ali pa ngozi, makamaka cikuku kapena kutsegula m'mimba kukamupeza. Pamene ndisiyana ndi akuluakulu ndi pa nkhani ya tsempho. Mwana akatupa, m'midzi yambili amati makolo ake analakwila mwambo, ndipo masiku amapita anthu ali kufunsana amene walakwa. Ine sindiletsa akuluakulu kukambilana zao, koma akambilane mwana ali kale m'manja mwa anamwino. Mlandu ungadikile mlungu wa mawa. Mwana wotupa sangadikile.

Tsopano tafika pa mfundo imene imadabwitsa anthu ambili. Mwana wotele akafika m'cipatala, amake amayembekeza kuti apatsidwa nyama, mazila ndi mkaka wokhathamila. M'malo mwake namwino amabwela ndi kakapu ka mkaka wooneka ngati wosungunula, n'kumupatsa pang'ono cabe. Mai ena amadandaula kuti mwana wao ali kumanidwa. Sali kumanidwa, ali kutetezedwa.

Mu April 1945, nkhondo yaciwili ya dziko lonse ili pafupi kutha, asilikali a Britain analowa m'ndende ya Bergen-Belsen ku Germany, napezamo anthu zikwi zambili otsala mafupa okhaokha ndi njala. Asilikali aja anagwidwa cifundo, nawagawila cakudya cao ca m'zitini. Ena mwa anthu amene anapilila njala miyezi yambili anamwalila atadya cakudya cimeneco. Lelo tidziwa cifukwa cake. Thupi limene lakhala pa njala limacepetsa nchito zake zonse kuti lisunge moyo. Mtima umacepa ndi kufooka, matumbo amapyapyala, ciwindi ndi impso zimagwila nchito mwaulesi. Mitundu ina ya mcele yofunika m'thupi, monga fosifeti, potaziyamu ndi maginiziyamu, imakhala itatsala pang'ono. Cakudya cambili cikalowa mwadzidzidzi, thupi limatulutsa insulini wambili, ndipo insuliniyo amakankhila shuga pamodzi ndi mcele wotsalawo kucoka m'magazi kulowa m'minofu. Magazi amatsala opanda mcele umene mtima ufuna pogunda, madzi amadzaza m'thupi, ndipo mtima wofooka uja umalephela. Nonse mudziwa kukoleza moto umene wazilala usiku. Mukaunjikapo zikuni zazikulu, khala lotsalalo limazima. Mumayamba ndi udzu ndi tinkhuni tating'ono, n'kumauzila pang'onopang'ono.

Mkaka wa m'kakapu kaja ndiwo udzu ndi tinkhuni. Umachedwa F-75, cifukwa m'mamililita 100 alionse muli makalori 75. Uli ndi shuga, mafuta ndi mcele umene thupi lataya, koma zomanga thupi ndi zocepa mwadala, zosakwana galamu imodzi. Nayu samu waciwili. Mwana amalandila mamililita 130 pa kilogalamu iliyonse ya kulemela kwake pa tsiku. Tinene kuti mwanayo alemela makilogalamu 6. Culukitsani 130 ndi 6: mwapeza 780. Poyamba amamwa maola awili alionse, ndiye kuti kakhumi ndi kawili pa usana ndi usiku. Gawani 780 ndi 12: mwapeza 65. Mamililita 65 ndi kota cabe ya kapu. Onani kuti tawelengela ndi usiku womwe. Nthawi yoopsa koposa kwa mwana wotele ndi pakati pa usiku ndi m'mbandakuca, pamene kwazizila ndipo papita maola osadya, pakuti ciwindi cake cilibe shuga wosunga ndipo thupi lake lilibe mafuta olifunda. Cotelo mai amene adzuka pa 2 koloko usiku kumwetsa mwana, n'kumufunditsa bulangeti ndi kumufungatila pa cifuwa, ali kugwila nchito yofanana kulemela kwake ndi ya jekeseni.

Pali zina zimene zimasokoneza makolo m'masiku oyambawa. Mwana amapatsidwa mankhwala opha tizilombo ngakhale thupi silikutentha, cifukwa thupi lofooka cotele lilibe ndi mphamvu yomwe ya kutentha. Mankhwala oonjezela magazi a ayiloni sapatsidwa kufikila atayamba kupeza bwino, ngakhale m'maso mwake muli moyela. Ndipo mwana wotupa amayamba wapepuka pa sikelo. Kumeneko si kubwelela m'mbuyo. Ndi madzi amene ali kucoka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita masiku angapo kutupa kumaphwa, mwana amayamba kulila njala, tsiku lina n'kumwetulila. Pamenepo amamusinthila ku mkaka wamphamvu wa F-100, umene uli ndi zomanga thupi zoculuka katatu, ndipo amayamba kubwezela mnofu.

Nanga mwana akakana kumwa, kapena akakhala wofooka kwakuti sangathe kumaliza muyeso wake? Anamwino amalowetsa kapaipi kofewa m'mphuno, kamene kamatsika kukhosi mpaka m'mimba, ndipo mkaka umadzela m'menemo. Asanathile kanthu amayamba atsimikiza kuti nsonga yake ili m'mimba. Kapaipi kameneka anthu ambili amakaopa kwambili. Amati mwana wa uje anamuika kapaipi, m'mawa mwake n'kumwalila. Mai ena amakana, ena amakasolola anamwino atatembenuka, ndipo ena amabeleka mwana n'kuthawa naye usiku. Mantha amenewa ndi omveka, koma taganizani: amene amaikidwa kapaipi ndani? Ndi mwana amene wadwalitsa kuposa onse m'wodimo, amene wafika mocedwa. Ena mwa ana otele amamwalila ndithu, koma cowapha ndi nthenda imene inawafooketsa kufikila kulephela kumeza. Mukapeza ambulansi pa malo a ngozi simunena kuti ambulansi ndiyo yagwetsa basi. Ana a sukulu, mukamva nkhani imeneyi kunyumba, fotokozani mwaulemu zimene mwamva lelo. Akulu amene anacita sitiloko nalephela kumeza amadyetsedwanso mwa njila yomweyi.

Ilipo njila ina ya odwala amene matumbo ao sagwila nchito konse. Ku Philadelphia, dokotala wacinyamata Stanley Dudrick analela tiana ta agalu popanda kutipatsa kanthu pakamwa, koma madzi okhala ndi shuga wambili, zomanga thupi, mavitamini ndi mcele, olowa pa mtsempha waukulu wa pafupi ndi mtima. Tiagaluto tinakula monga tinzake, ndipo mu 1968 iye ndi anzake analengeza kuti njilayo yathekanso pa anthu. Imeneyo ndiyo dilipi yokhayo imene tingaiche cakudya. Ndi yodula, ifuna ukhondo waukulu, ndipo siimene mumaona m'mawodi wamba. Madokotala amagwilizana kuti matumbo akakhala kuti agwila nchito, cakudya cidzele m'matumbo.

Kale mwana wonyenchela anali kukhala m'cipatala milungu yambili, amake atasiya munda ndi ana ena kumudzi. Zinasintha ndi nshawa. Mu 1996 ku France, André Briend ndi Michel Lescanne anapanga phala louma la nshawa zopela, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi mcele wofunika. Popeza mulibe madzi, tizilombo sitiswanamo, ndipo silifuna kuphika. Anansi athu a ku Malawi, kumene dokotala Mark Manary analiyesa pa ana ocilila kunyumba, amalicha ciponde. Mu 2007 mabungwe a United Nations anavomeleza kuti mwana amene ali ndi cilakolako ca kudya ndipo alibe nthenda ina yoopsa angathe kucilila kwao ndi cakudya cimeneci, n'kumapita ku kiliniki kukapimidwa. M'paketi imodzi ya magalamu 92 muli makalori 500.

Apa ndilankhule ndi inu ana maso ndi maso. Ciponde n'cotsekemela, ndipo ndidziwa kuti m'nyumba zina paketi imazungulila banja lonse. Mwana wa makilogalamu 6 uja afunika mapaketi awili pa tsiku, kapena kuposelapo pang'ono. Mukamudyela imodzi, mwamulanda pafupifupi theka la mankhwala ake a tsikulo. Mapilitsi a malungo a mng'ono wanu simungawamwe cifukwa coti aoneka bwino. Paketi imeneyi ndi cimodzimodzi.

Za akulu nazonso zili ndi umboni. Mu 2019 madokotala a ku Switzerland analengeza zimene anapeza pa odwala oposa 2,000 a m'zipatala zisanu ndi zitatu, onse ooneka kuti angapelewele cakudya. Theka anali kudya za m'cipatala monga mwa masiku onse. Theka linalo anali ndi katswili wa zakudya wowawelengela zimene thupi lao lifuna ndi kuona kuti zalowadi. Patapita masiku 30, m'gulu loyamba munamwalila 10 pa 100, m'gulu laciwili 7 pa 100. Anthu atatu pa 100 alionse anapulumuka popanda mankhwala atsopano.

M'zipatala zathu katswili wotele sangafike pa bedi lililonse, ndipo amene amakhala pafupi ndi wodwala usana ndi usiku ndi wodwazika: amai, azakhali, agogo, nthawi zina mwana wa sukulu ngati inu. Ozonda odwala amakonda kunyamula zakumwa za m'mabotolo ndi mabanzi. Ndalama yomweyo ikanagula mazila, mkaka kapena nthoci. Phala la mgaiwa lothila nsinjilo, dzila kapena kapenta wosinja, ndi supuni ya mafuta ophikila, liposa botolo lililonse la zotsekemela. Phala likalimba kwakuti wodwala alephela kumeza, musalisungunule ndi madzi; thilanimo kaufa ka cimela likali lofunda, lidzasungunuka lokha mphamvu yake ili momwemo, ndipo mulibwezele pa moto liwile pang'ono. Mukhazikeni tsonga wodwalayo, mutsukeni m'kamwa, mupatseni pang'ono koma kawilikawili, ndipo musamufulumize. Akasiya theka la mbale masiku awili otsatana, uzani anamwino, pakuti iwo amaona mbale ikubwela koma saona nthawi zonse zimene zatsalamo. Koma musanapatse wodwala ciliconse ca kunyumba, yambani mwafunsa. Woyembekeza opaleshoni amaletsedwa kudya maola angapo pa cifukwa cabwino, wodwala shuga kapena impso ali ndi malamulo ake, ndipo mwana amene ali pa F-75 sayenela kulandila cina koma bele la amake.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa thandizani ana kudula timizele ta pepala lolimba, totalika masentimita 20, ndipo ndi lula aike cizindikilo pa 11.5 ndi pa 12.5. Ciyeso cimeneci ndi ca ana a miyezi 6 kufikila zaka zisanu. Kamzele kazungulile mkono wamanzele pakati pa phewa ndi cigongono, mkono uli lende, osamanga kwambili. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 mwana afunika kupita ku sikelo mlungu womwewo. Pansi pa 11.5 apite lelo lomwe. Aphunzitseninso kusindikiza ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awili, n'kuwelenga pang'onopang'ono kufika pa 3. Pakatsala maenje ku mapazi onse, mwanayo watupa, ndipo apite tsiku lomwelo ngakhale mkono wake uoneke wonenepa. Ana akayese ang'ono ao kunyumba makolo ali pomwepo. Zimene apeza adzakuuzeni inu panokha, ndipo musazilembe pa bolodi ndi maina, cifukwa banja limene lacititsidwa manyazi limabisa mwana m'nyumba.